Dzina Lomwe Linkabwera Lachinayi

Ntchito yanga yoyamba ya pa kompyuta ndinaipeza pa maliro a munthu amene sindinkamudziwa n'komwe. Nthawi imeneyo n'kuti nditatha zaka zinayi ndikukolopa ndi kusita m'nyumba ina ku Randburg, ku Joni. Loweruka lililonse masana ndinkakwera takisi kupita ku Hillbrow, ku kaholo ka tchalitchi kumene mayi wina wa ku Zomba, a Nankhoma, ankaphunzitsa Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, kwa aliyense wofuna. Laputopu ndinali nayo, yakalekale, imene madamu anga ankafuna kutaya chifukwa mabatani awiri anali atazuka. Ndinkaphunzira ndi mtima wonse, kuopa kukalamba ndi mopu m'manja.

Tsiku lina mnzanga wa pa fuleti anandipempha kuti ndimuperekeze ku kampani ina pafupi ndi Park Station, ya anthu onyamula maliro kupita nawo kumudzi. Msuweni wake anali atamwalira. Titafika tinapeza mwini kampaniyo, a Mbewe, bambo wamtali wa magalasi, akulemba pamanja kapepala komata pa bokosi. Analemba koyamba, n'kuphonya chilembo. Kachiwiri cholembera chinatha inki. Anamfedwa ali pa benchi, akungoyang'ana. Ine pakamwa panga sipachedwa kundiputira milandu.

"Zimenezitu kompyuta ikhoza kumachita," ndinatero.

A Mbewe anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Iweyo ungathe?"

"Ndingathe."

"Ubwere Lolemba. Koma udziwiretu, kuno makasitomala athu sadandaula. Amadandaula ndi abale awo."

Ndinatsanzika kwa madamu, Lolemba ndinapita. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima.

Ndifotokoze kaye mmene ntchito imeneyi imayendera. Mapepala a boma amachokera ku boma, ife sitiwakhudza. Lathu linali limodzi lokha, kapepala komata kaja, ka dzina la malemu, mudzi wake ndi tsiku lonyamuka. Bokosi lopita kutali amalitseka ndi malata m'kati n'kuwotcherera, ndipo nthawi zambiri likafika kumudzi salitsegulanso. Ngolo imodzi yokokedwa ndi galimoto imanyamula mabokosi awiri kapena atatu, lina lotsikira ku Dedza, lina ku Balaka, lina ku Mulanje. Dalaivala sadziwa aliyense wa iwo. Amangowerenga kapepala n'kutsitsa. Ndiye kapepala kakanama, anthu amalira munthu wa eni ake n'kumuika m'manda a makolo awo.

Ofesi inali m'mwamba mwa nyumbayo, ndipo tinalimo atatu. A Mbewe ankakhalira kutsika ndi kukwera masitepe. Kutsogolo kunali a Mariamu, mayi wa ku Mangochi wolankhula motsitsa mawu, amene ankalandira anamfedwa ndipo ndi amene ankakhala pa kompyuta ya ofesi. Ine anandipatsa kachipinda ka kumbuyo kopanda zenera, pamwamba penipeni pa chipinda chozizira chosungira mitembo. Injini ya mafiriji inkalira pansi pa mapazi anga tsiku lonse, ndipo m'nyengo yozizira ya pa Joni simenti ija inkalowa m'mafupa ngakhale utavala masokosi awiri. Kulira kwake ndinakuzolowera msanga. Chimene sindinazolowere ndi pamene injiniyo inkazima yokha mwadzidzidzi. Zii wake ankandichititsa kusiya kutaipa, ngati pali wina pansipo amene akumvetsera.

Pulogalamu yanga inali yaing'ono. Ndinaigawa m'mafankishoni atatu. Fankishoni ndi kachigawo ka pulogalamu kogwira ntchito imodzi, kamene umakaitana ndi dzina lake ukakafuna. Mayina ndinawapatsa a Chichewa kuti a Mariamu asavutike. Yoyamba inali lowetsa, yolandira za malemu watsopano. Yachiwiri inali sindikiza, yotumiza kapepala ku pulinta. Yachitatu inali funsa, yofufuzira anthu amene kampani inawanyamula kale, chifukwa a Mbewe anandiuza kuti ndikopere m'kompyuta buku lawo lonse lakale. Zimene munthu walemba ndinkazisunga m'mavaliyebo, ndiye kuti malo osungira kanthu m'pulogalamu. Ina ndinaitcha dzina, ina mudzi. Zonse ziwiri ndinazilemba pamwamba penipeni pa fayilo, kunja kwa mafankishoni onse, zili zopanda kanthu.

Tsiku loyamba kuyesa, kapepala kanatuluka kokongola, ka mizere yowongoka, koma pa dzina ndi pa mudzi pali mbee. Ndinalowetsanso, ndinasindikizanso, mbee. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira zimene a Nankhoma anatiuza tsiku lina, potengera mafuleti athu a ku Hillbrow momwe mabanja anayi amakhala khomo limodzi. Anati valiyebo imene waiyambitsa m'kati mwa fankishoni ili ngati shuga wa m'chipinda chako, anzako samuona. Imene ili kunja ili ngati shuga wosiyidwa ku khitchini, aliyense amafikapo. Ndipo Python ili ndi khalidwe lake. Ukalemba m'kati mwa fankishoni kuti dzina likhale lakuti, iyo sikhudza valiyebo ya kunja ija. Imakupangira ina yatsopano m'chipindamo, ya dzina lomwelo, ndipo fankishoni ikatha nayonso yatha. N'chifukwa chake sindikiza inkapeza ku khitchini kulibe kanthu. Ukafuna kuti isinthe ya kunja, umalemba mawu oti global patsogolo pa valiyeboyo.

Tsopano apa pali nkhani ya mawu, ndipo ndi imene inandigwetsa. A Nankhoma ankati mavaliyebo a m'kati ndi a lokolo, a kunja ndi a gulobo. Inu mukudziwa mmene mawu oti lokolo amamvekera kwathu. Chimanga cha lokolo, nsapato za lokolo, ndipo mtsikana akakunena kuti ndiwe wa lokolo ndiye kuti wakutukwana. Ine wa ku Balaka, nditasiya mopu dzulodzulo, ndinati za lokolo m'pulogalamu yanga ayi. Ndinaganiza kuti gulobo ndiye zapamwamba, za anthu ophunzira. Ndikukumbuka kuti a Nankhoma ananenapo kuti tizisamala nayo, koma ndinamva ndi khutu limodzi. Ndinalemba global mu lowetsa, pomwe inkafunikadi. Kenako ndinailembanso mu sindikiza, ndi mu funsa momwe, pomwe panalibe amene anaipempha. Sindinaimbire foni aliyense. Safunsa anadya phula.

Zinagwira. Kapepala kanatuluka ndi dzina, mudzi ndi tsiku, ndipo a Mbewe anakanyamula kukaonetsa anyamata otseka mabokosi pansi ngati satifiketi. Kayendetsedwe kake kanali kotere. M'mawa anamfedwa akabwera, a Mariamu ankalowetsa za malemu. Pulogalamu inkakhala yotsegula tsiku lonse. Masana, bokosi likatsekedwa, a Mbewe ankaitana ali pa masitepe kuti kapepala, a Mariamu n'kudina batani, pulinta n'kutulutsa. Masabata awiri ndinayenda mapewa ali m'mwamba. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Panali nkhalamba ina imene inkabwera pa ofesipo Lachinayi lililonse, a Sandalamu a ku Ntcheu. Anafika pa Joni nthawi ya migodi, ndipo tsopano ankasamala magadeni ku Randburg. Lachinayi ndiye linali tsiku lawo la ofu. Akazi awo, a Esinati, anamwalira chaka chimodzi ine ndisanayambe ntchito, ndipo ananyamulidwa ndi kampani yomweyi. A Sandalamu sanaperekeze maliro chifukwa pasipoti yawo inali itatha kalekale, akanatuluka sakanabwereranso. Manda a mkazi wawo sanawaonepo. Ankabwera atavala jekete ndi chipewa, n'kukhala pa benchi, kumwa tiyi, kucheza pang'ono ndi a Mariamu motsitsa mawu, n'kumapita. Ine ndinkangowapatsa moni podutsa.

Lachinayi la sabata yachitatu, a Mbewe analowa m'kachipinda kanga osagogoda. Anaika kapepala pa kiyibodi yanga. Tsiku linali lolondola, mudzi unali wolondola, wa ku Dedza. Koma bokosi la tsikulo linali la mnyamata wa zaka makumi awiri ndi mphambu, ndipo pa dzina panalembedwa kuti Esinati Sandalamu.

"Mayi awa tinawanyamula chaka chatha," anatero a Mbewe. "Akufuna chiyani ku Dedza?"

Ndinaseka, poganiza kuti a Mariamu aphonya potaipa. A Mariamu analumbira kuti analowetsa dzina la mnyamatayo, ndipo nditatsegula fayilo yosungira ndinapezadi dzina lake lili bwinobwino. Tinalowetsanso, kapepala kanatuluka kolondola, galimoto inanyamuka. Ndinati ndi zimene makina amachita nthawi zina.

Lachisanu zinayenda bwino. Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, bwinobwino. Lachinayi lotsatira bokosi linali la bambo wa ku Mulanje. Pulinta inalira, kapepala kanatuluka, a Mariamu anakasiya kagwe pansi. Esinati Sandalamu, wa ku Mulanje, wonyamuka lero.

Apa palibe anaseka. Ndinakhala pa laputopu masiku atatu. Ndinkalowetsa dzina n'kusindikiza, kulowetsa n'kusindikiza, mpaka mapepala anatha. Nthawi zonse zinkatuluka zolondola. Ndinafufuza mavairasi, ndinasintha chingwe cha pulinta, ndinawerenga lowetsa ndi sindikiza mzere ndi mzere mpaka maso anachita chidima. Funsa sindinaiyang'ane n'komwe, chifukwa m'mutu mwanga inalibe gawo pa nkhani yosindikiza. Dzina la a Esinati silinalembedwe paliponse m'pulogalamu. Linali m'fayilo ya akale basi, pakati pa mayina ena ambirimbiri, ndipo mwa onsewo linkadzuka lokhalo.

Nkhani inafika pansi kwa anyamata otseka mabokosi. Iwo sanachedwe kupeza yankho. Anati dzinalo limabwera tsiku limene mwamuna wake wabwera, ndiye kuti amabwera limodzi. Anatinso taonani, lero Dedza, mawa Mulanje, mayiyu akufunafuna kwawo, sanagone pamalo pake. Dalaivala anakana kumakhudza mapepala a Lachinayi. Ine ndimaimba kwaya, ndipo za mizimu ndimati n'za anthu osowa chochita. Koma ndinene zoona, ndinkaopa. Ndinayamba kusiya chitseko changa chotsegula. A Mbewe anatiuza tonse kuti a Sandalamu asamve kanthu.

Lachinayi lachitatu la vutoli ndi tsiku limene sindidzaliiwala. Bokosi linali la mayi wa ku Thyolo. A Sandalamu anabwera monga mwa masiku onse, koma miyendo inkawapweteka, ndiye atamwa tiyi sananyamuke msanga. Ine ndinali nditauza a Mariamu kuti asasindikize ndisanabwere kudzaona, koma a Mbewe ataitana pa masitepe, dzanja lawo linangodina mwa chizolowezi. Pulinta inali pafupi ndi benchi. A Sandalamu, mwa ulemu wawo, anatola kapepalako kuti awapatsire a Mariamu. Ndinatulukira pa khomo iwo akukawerenga, atakatalikitsa ndi nkhope monga amachitira anthu akuluakulu.

Sanakuwe. Anavula chipewa n'kuchiika pa bondo.

"Aka n'koyamba?" anafunsa.

A Mbewe anali atafika pamwamba pa masitepe.

"Ndikufunsa, a Mbewe. Aka n'koyamba?"

"Kachitatu, abambo. Ndi makina chabe."

"Makina amudziwa bwanji mkazi wanga?" Anapinda kapepala kaja pakati. "Tsiku lija munali ndi mabokosi atatu pa ngolo. Ndinawerenga ndekha. Kumudzi sanaone nkhope. Chaka chonsechi mtima wanga wakhala ukundiuza, ine n'kumaukaniza."

"Kapepala ka mayi ndinalemba ndekha ndi dzanja ili, kompyutayi kulibe," anatero a Mbewe. "Anapita ku Ntcheu."

"Ayikona. Akanakhala kuti ali ku Ntcheu, sakanamayenda."

Anatulutsa foni m'jekete n'kuimbira mlamu wawo kumudzi, ife tikumva. Analankhula pang'onopang'ono, osakweza mawu. Anati munthu amene anamuika chaka chatha uja mwina si Esinati. Anati akauze akuluakulu a banja lero lomwe, apemphe chilolezo, adzukulu akonzeke. Mawu a mlamuyo ankamveka patali, akufunsa kawiri katatu, kenako anavomera. Atadula foni a Sandalamu anatiuza kuti Loweruka akumba.

A Mbewe anatembenukira kwa ine. "Fayinesi, auze abambowa chimene chikuchitika."

Nanenso sindinkadziwa chimene chinkachitika, ndipo manyazi ndi mantha zinandigwira pamodzi. A Sandalamu anati akhala pa benchi pomwepo mpaka titseke, ndipo ngati palibe yankho, sadzaimbanso foni yoletsa kukumba. A Mbewe anasindikizitsa kapepala kolondola ka mayi wa ku Thyolo, kenako ananditsatira m'kachipinda kanga n'kutseka chitseko.

"Sindikukamba za ntchito yako," anatero. "Ntchito ndi nkhani ya mawa. Ndikukamba za manda a munthu. Akafukulidwa chifukwa cha zimene walembazi, iwe ndi ine tidzayenda bwanji pamaso pa anthu a ku Ntcheu?"

Atatuluka ndinachita chimene ndikanachita pa tsiku loyamba. Ndinaimbira a Nankhoma. Anali pa ntchito yawo, ndipo anandipatsa mphindi ziwiri zokha. Ndinayamba kuwauza kuti ndayesa kambirimbiri, zonse zikutuluka bwino.

"Usandiuze zimene umachita iwe," anandidula. "Vuto silibwera ukakhalapo iwe. Kafunse amene amakhala pa kompyutapo zimene amachita, chilichonse, ngakhale chimene akuti n'chosafunika. Ndipo uike print paliponse, uziona valiyeboyo ikuyenda."

Print ndi lamulo longoonetsa kanthu pa sikirini. Ndinawonjezera mzere umodzi kumapeto kwa fankishoni iliyonse mwa zitatu zija, woti uzindionetsa chimene chili mu dzina pa nthawiyo. Kenako ndinapita kutsogolo, ndinaika pulogalamuyo pa kompyuta ya ofesi, n'kukokera mpando pafupi ndi a Mariamu. A Sandalamu ali pa benchi, maso ali ku khoma.

"Achemwali," ndinanong'ona, "chitaninso zonse zimene mwachita lero, kuyambira m'mawa. Musadumphe kanthu."

Analowetsa mayi wa ku Thyolo. Pa sikirini mzere wanga unaonetsa dzina lake, bwinobwino. Kenako manja awo anaima pamwamba pa kiyibodi.

"Basi, mpaka masana," anatero.

"Palibenso china?"

Anayang'ana ku masitepe, kumene a Mbewe anatsikira. Ndiye anandiuza, mawu ali pansipansi. Kuyambira sabata yachitatu ija, pamene ndinamaliza kukopera buku lakale m'kompyuta, Lachinayi lililonse a Sandalamu akamwa tiyi ankawapempha kuti awaonetse mkazi wawo. A Mariamu ankatsegula funsa, n'kulemba dzina la a Esinati, n'kutembenuza sikirini. Nkhalamba ija inkavala magalasi, kuwerenga mzere umodzi uja, dzina, mudzi ndi tsiku, n'kugwedeza mutu. Kale, nthawi ya buku, ankawatsegulira tsamba. Sananene kwa aliyense chifukwa a Mbewe sakonda kuti anthu aziona za m'kompyuta.

"Koma sindimalowetsa kanthu, asisi. Timangoyang'ana. Kuyang'ana kungasinthe chiyani?"

"Chitani tione."

Anatsegula funsa, analemba dzina lija, anadina. Mzere wa a Esinati unatuluka monga mwa nthawi zonse. Pansi pake mzere wanga wa print unaonetsa chimene chinali mu dzina tsopano. Mayi wa ku Thyolo anali atachoka. Munali Esinati Sandalamu.

Ndinatsegula fayilo ya pulogalamu n'kupita pa funsa, imene sindinaiwerengepo kuyambira pamene ndinailemba. Mzere woyamba unali global dzina. Wachiwiri unali wolandira dzina la munthu amene akufufuzidwa, n'kuliika mu valiyebo yomweyo. Ndinali nditagwiritsa mawu amodzi pa zinthu ziwiri zosiyana, munthu amene tikumukonzera ulendo lero ndi munthu amene wina wabwera kudzamufunsa. Ndikanasiya funsa ndi valiyebo yake ya lokolo, Python ikanazisiyanitsa yokha, ine osadziwa n'komwe. Koma ndi gulobo yanga ija ndinailamula kuti izifufuta dzina la m'mawa n'kulembapo la wofunsidwa. Mudzi sunkasintha chifukwa funsa sinkaukhudza. Ndiye chifukwa chake mayi aja ankaoneka ngati akuyenda m'midzi ya eni.

Sindinakonze nthawi yomweyo. Ndinadziwa kuti ndikakonza kaye, a Sandalamu adzangomva mawu anga, ndipo mawu anga tsiku limenelo analibe mtengo. Ndinaitana a Mbewe, kenako ndinakagwada pafupi ndi benchi.

"Abambo, ndapeza. Koma sindikufuna mundikhulupirire. Ndikufuna muone nokha."

Anadzuka movutikira n'kubwera pa tebulo. Ndinalowetsanso mayi wa ku Thyolo iwo akuona. Ndinawauza kuti tsopano tichita ngati mmene amachitira Lachinayi, koma m'malo mwa dzina la mayi, atchule mawu ena alionse amene akufuna, ngakhale osakhala a munthu. Kenako anawerama n'kunong'oneza a Mariamu m'khutu, ngati akuopa kuti makinawo amva. A Mariamu anataipa. Kompyuta inayankha kuti munthu ameneyo palibe. Ndinawapempha a Sandalamu kuti adine okha batani losindikizira.

Pulinta inalira. Anatola kapepalako okha. Panalembedwa kuti malemu Fosholo, wa ku Thyolo, wonyamuka lero.

Tsiku lina lililonse tikanaseka mpaka kugwa. Palibe anaseka. Anawerenga kawiri, n'kupempha kuti tichitenso. Ulendo uno anatchula mnzawo wina wa ku mgodi amene kampani inamunyamula zaka za m'mbuyo. Naye anatuluka, akupita ku Thyolo. Ndinawafotokozera mmene ndikanathera, kuti makinawa amagwira dzina limodzi pa nthawi imodzi, ndipo chifukwa cha kulakwitsa kwanga ankagwira lomaliza kutchulidwa. Ndinati tsiku limene mayi ananyamuka, kompyutayi kunalibe ndipo ine ndinali ndikukolopa ku Randburg.

Anakhala pansi. Anatulutsa foni, anaiyang'ana kanthawi, n'kuimba.

"Alamu, ndine. Musakumbe. Auzeni adzukulu asiye. Eya, ndamva bwino. Msiyeni agone."

A Mbewe anapumira m'mwamba n'kutsamira khoma. A Mariamu anaphimba nkhope ndi mpango wawo. Ine ndinkayembekeza kuti a Sandalamu andikalipira, ndipo ndinali wokonzeka, chifukwa ndinkayenera. Iwo anangondifunsa funso limodzi.

"Ndiye kuti si iyeyo amene ankabwera?"

"Ayi, abambo. Ndinali ine. Pepani."

Anagwedeza mutu, anavala chipewa, anatsika masitepe akugwira khoma.

Kukonza kwenikweniko kunanditengera nthawi yosakwana ola. Ndinafufuza mawu oti global m'fayilo yonse n'kuwachotsa onse. Mavaliyebo awiri a pamwamba aja ndinawafufuta. Lowetsa ndinaisintha kuti ikamaliza izibweza zimene yalandira ndi lamulo la return. Sindikiza ndinaisintha kuti izilandira dzina ndi mudzi m'mabulaketi ake, momwe fankishoni imalandirira zinthu, kuti isamasindikize chilichonse chimene sinapatsidwe m'manja. Funsa ndinaipatsa valiyebo yakeyake, ya lokolo, n'kuitcha wofunsidwa. Ndinawonjezeranso kuti pulinta isanalire, sikirini izionetsa dzina n'kufunsa ngati ndi lomwelo. Kenako maganizo ena anandibwerera. Nanga ngati tsiku lina a Mariamu anafufuzapo munthu wina, kapepala n'kupita osaonedwa? Nditawafunsa, iwo anati ayi, palibenso amene amabwera kudzafunsa za munthu woikidwa kale. Komabe ndinapempha dalaivala zithunzi za mabokosi zimene amajambula potsitsa, ndipo ndinazifananiza chimodzichimodzi ndi fayilo. Zonse zinali bwino, ndipo si chifukwa cha nzeru zanga.

A Mbewe sanandichotse. Ndinakhala nawo zaka ziwiri ndisanapeze ntchito imene ndili nayo lero. Chimene ndinatenga pamenepo ndimachinena kwa aliyense woyamba kumene. Valiyebo izikhala pafupi ndi pamene ikugwira ntchito. Fankishoni ikafuna kanthu, uipatse m'manja, ikamaliza ibweze. Zinthu ziwiri zosiyana usazipatse dzina limodzi. Ndipo usanalembe global, uyambe wadzifunsa kuti ndani winanso amene amakhudza pamenepo iwe kulibe. Pulogalamu simaiyesa mmene umaigwiritsira iwe wolemba. Umakhala pambali pa munthu amene amaigwiritsa, n'kuona zimene amachita pamene akuganiza kuti sakuchita kanthu.

Lachinayi lotsatira sindinkayembekeza kuwaona a Sandalamu, koma anabwera. A Mbewe anali atauza a Mariamu kuti aziwaonetsa poyera, osabisa. Anamwa tiyi, anavala magalasi, anawerenga mzere wawo. Koma sananyamuke. Anakhala pa benchi mpaka masana, chipewa chili pa bondo, maso ali pa pulinta. Ndinadziwa chimene akudikira, ndipo mtima unandiwawa kwambiri.

A Mbewe anaitana pa masitepe. A Mariamu anadina. A Sandalamu anatola kapepalako, anakatalikitsa ndi nkhope, anawerenga. Panali dzina la bambo wa ku Balaka amene anali m'bokosi la tsikulo, ndi mudzi wake, ndi tsiku.

Anakagwira kanthawi, kenako anakapereka kwa ine ndi manja awiri.

"Mwakonzadi, amayi," anatero. "Zikomo. Ndinangoti mwina lero."

Ndinalowa m'kachipinda kanga, ndinatseka chitseko, ndinalira.